Estonia Yasasa Fumbi

Mukafika mumzinda wa Tallinn, likulu la dziko la Estonia, n'kulowa mu Hotel Viru, chikepe chimakufikitsani pansanjika ya 22 basi. Pamenepo mumatsika n'kuyamba kukwera masitepe, ndipo posakhalitsa mumapezeka mwaima pansanjika imene kwa zaka pafupifupi 20 akuluakulu ankati kulibe. Hotelayi inatsegulidwa mu 1972, Estonia ili m'manja mwa Soviet Union, ndipo alendo ochokera kunja ankagonekedwa mmenemo kuti akhale pamalo amodzi, posavuta kuwatchera khutu. Pamwamba penipenipo, pansanjika ya 23, m'pamene pankabisala akazitape a KGB ndi mawailesi awo. Zipinda pafupifupi 60 zinali ndi timakina tomvetsera zokamba za anthu. Tina tinakwiriridwa m'makoma, tina m'timbale tothiramo phulusa la fodya, tina pansi pa mbale za buledi kodyera. Pansanjika iliyonse pankakhala mayi ndi kabuku kake, kulemba amene walowa, amene watuluka, ndi nthawi yake. Tangoganizani kugona m'chipinda chimene ngakhale chifuwa chanu chili ndi wochimvetsera.

Mu 1991 mphepo itatembenuka, akazitape aja anathawa usiku, kusiya mawaya ali lendelende, mapepala ali mbwee, telefoni zili duu patebulo. Lero pitani mukaone! Kuyambira mu 2011 tizipinda tija ndi malo oonetserako zakale. Alendo amadula tikiti, amajambulitsa pambali pa yunifolomu za KGB, amaseka chikhakhali pamalo pamene kale munthu ankaopa ngakhale kunong'ona, kenako amatulukira pakhonde n'kumaona sitima padoko ndi madenga ofiira a mzinda wakale. Ndipo dziko limene linkamvetseredwa mobisa chonchi lero ndi limene mayiko akuluakulu amakalifunsa kuti kodi ku Moscow kukuphikidwa chiyani. Kusintha kumeneku kumandisangalatsa zedi, koma kukoma kwake kumamveka bwino munthu ukayamba wanunkhiza fungo la kale.

Estonia ndi kadziko ka anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, ndipo kum'mawa kwake kwagona chimphona, dziko la Russia. Kanalengeza ufulu wake mu 1918, kenako kanasankha kusakhala mbali ya aliyense, poganiza kuti wosaputa mnzake naye saputidwa. Pa 23 Ogasiti 1939, Germany ya Hitler ndi Soviet Union ya Stalin zinagawana mayiko a m'chigawocho mseri, ngati alenje akugawana nyama. Chakumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho, ndege zankhondo za Soviet zinayamba kuzungulira pamwamba pa Estonia mmene zikufunira, asilikali a pansi atalamulidwa kuti asawombere. Panalibe woti n'kumuimbira lamya. Pa 28 Seputembala boma linasaina pangano lolola asilikali a Soviet kumanga misasa yawo m'dzikomo, ndipo pofika pakati pa 1940 dziko lonse linali litamezedwa. Mu Juni 1941 anthu pafupifupi 10,000 anapakiridwa m'mabogi a ng'ombe n'kutumizidwa kutali mkati mwa Russia. Mu Malichi 1949 anatengedwanso ena oposa 20,000, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Amene anapulumuka anasunga mawu amodzi mumtima kwa zaka 50: tikadzamasuka, sitidzakhalanso tokha.

Ufulu unabwereradi pa 20 Ogasiti 1991, koma unapeza nyumba ili yokha yokha. M'masitolo mashelefu anali mbee, chakudya chinkagulidwa ndi makuponi, mafuta a galimoto anali osowa ngati mano a nkhuku, ndipo mu 1992 mitengo ya zinthu inakwera kuwirikiza pafupifupi kakhumi. Asilikali a Russia sanachoke msanga. Anakhalabe mpaka pa 31 Ogasiti 1994, ndipo pochoka m'misasa yambiri anazula chilichonse chozulika: mawindo, zitseko, mawaya, mapaipi. Zimene zinatsala, abale inu! Ku Paldiski, tauni ya padoko imene inali yotchingidwa ndi waya waminga chifukwa ankaphunzitsirako asilikali a sitima za pansi pa madzi, kunatsala zinyumba zakugwa ndi makina awiri a nyukiliya oti wina ade nawo nkhawa. Ku Tapa, mafuta a ndege anakhala akutayikira pansi kwa zaka zambiri mpaka analowa m'madzi a pansi pa nthaka, moti m'zitsime zina munthu ankatunga madzi, kukhwatcha machesi, madziwo n'kuyaka moto. Madzi akumwa kuyaka ngati palafini!

Nanga ku Ämari, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Tallinn? Kumeneko kunali bwalo la ndege zankhondo za Soviet, ndipo linasiyidwa lili bwinja. Konkire wa pamsewu wa ndege atang'ambika, udzu utamera m'ming'alu, mashedi a ndege ali kukamwa yasa, zitsulo zitafiira psuu ndi dzimbiri. M'nkhalango pafupi pomwepo muli manda a oyendetsa ndege a Soviet, pamene m'malo mwa ziliza anazikapo zipsepse za kumchira kwa ndege, nyenyezi yofiira ili pomwepo. Munthu woona malo amenewo m'zaka za m'ma 1990 akanalumbira kuti ndege yomaliza kunyamuka pamenepo inanyamuka kale.

Gulu lankhondo lokha linali dzina chabe. Mayiko a kumadzulo ankazengereza kuligulitsa zida poopa kukwiyitsa Moscow, moti mu 1993 boma la Mart Laar, nduna yaikulu ya zaka 32 zokha, linakagula mfuti ku Israel. Magalimoto, maboti ndi zovala zambiri zinali zopatsidwa ndi anansi, kaunjika weniweni wa zankhondo. Gulu la m'mlengalenga linkadalira tindege ta An-2, tija ta mapiko awiri osanjikizana timene m'mayiko a Soviet tinkapoperanso mankhwala m'minda. Woti atsogolere asilikali anachita kukamutenga ku America: Aleksander Einseln, msilikali wopuma pantchito amene anabadwira ku Estonia n'kuthawako ali mwana. Ngakhale khomo lolowera m'dziko linali lochititsa manyazi. Tsiku lina Pulezidenti Lennart Meri, potsika ndege ku Tallinn, anatenga atolankhani n'kupita nawo kuchimbudzi cha pabwalo la ndegelo, kukachitira msonkhano kumeneko, kuti dziko lonse lione chimene alendo amayamba kuona akafika. Bwalolo linakonzedwa, ndipo lero limatchedwa dzina lake. Koma umphawi wa dongosolo unalinso ndi misozi yake: pa 11 Seputembala 1997 asilikali 14 anafera m'madzi ozizira a ku Kurkse ali pamaphunziro owoloka nyanja, ndipo dziko lonse linalira.

Ndiye kadziko kotere n'kumagogoda pachitseko cha NATO, mgwirizano wa chitetezo wa mayiko a kumadzulo! Ambiri ku Ulaya ndi ku America ankapukusa mitu. Gawo 5 la pangano la mgwirizanowu limati woputa mmodzi waputa onse, ndipo iwo ankafunsa kuti ndani angatumize mwana wake kukafera kadziko kovuta kuteteza chonchi. A Estonia sanataye nthawi ndi kudandaula. Anatenga tsache. Anaika asilikali pansi pa ulamuliro wa anthu wamba osankhidwa, anaika ndalama za chitetezo poyera, anaphunzitsa akuluakulu a asilikali Chingerezi ndi kagwiridwe ka ntchito ka NATO. Analowa ndondomeko ya Partnership for Peace mu 1994, ndipo ali osauka chomwecho anatumiza anyamata awo kukasungitsa mtendere ku Croatia ndi ku Bosnia, kuti anzawo aone kuti akubwera ndi khasu m'manja, osati mbale yokha. Mu Novembala 2002, pamsonkhano wa ku Prague, kalata yowaitana inatuluka. Pa 29 Malichi 2004 Estonia inalowa mu NATO pamodzi ndi Latvia, Lithuania, Bulgaria, Romania, Slovakia ndi Slovenia, ndipo nthawi yomweyo ndege zinayi za F-16 za ku Belgium zinatera ku Šiauliai, m'dziko la Lithuania, kudzalondera thambo la mayiko atatu a Baltic. Patangotha mwezi umodzi, pa 1 Meyi, Estonia inalowanso mu European Union. Ndipo dipo la ubale umenewu inalipira ndithu. Ku Afghanistan asilikali ake anamenya nkhondo limodzi ndi a ku Britain m'chigawo choopsa cha Helmand, ndipo asanu ndi anayi sanabwerere amoyo.

Tsopano tibwerere ku Ämari kuja, ndipo mutikite m'maso. Kuyambira mu 2008, ndi ndalama za Estonia ndi za NATO, konkire wakale anafukulidwa, msewu watsopano wa ndege unayalidwa uli see, nyali zili ndandanda mbali zonse, nsanja yoongolera ndege, mosungira mafuta ndi mashedi zonse zatsopano. Mu 2014 Russia italanda Crimea, NATO inafuna bwalo lachiwiri lolonderapo thambo la Baltic, ndipo inapeza Ämari atasamba kale, akungodikira. Kumapeto kwa Epulo chaka chimenecho ndege zinayi za F-16 za ku Denmark zinatera pamenepo. Kuyambira pamenepo alendo sakutha phazi: Germany, Spain, Britain, France, Italy ndi ena amasinthana, miyezi ingapo uyu, miyezi ingapo uyo. Pamene udzu unkamera m'ming'alu lero pamabangula ndege za Typhoon ndi F-35, oziyendetsa akugona pafupi, okonzeka kudzuka belu likangolira. Chokoma kwambiri n'chakuti Estonia ilibe ndege yakeyake yomenyera nkhondo m'mlengalenga ngakhale imodzi. Inamanga chisa chabwino, mbalame zimachokera kwa abale.

Ku Tapa nako, kwa zitsime zoyaka kuja, simungakuzindikire. Atsogoleri a NATO atagwirizana ku Warsaw mu 2016, chaka chotsatira kunafika gulu la asilikali lotsogozedwa ndi Britain, mothandizana ndi France ndi Denmark. Nyumba zatsopano za asilikali zili ng'aning'ani, akasinja a Challenger 2 ali m'mizere, ndipo m'misewu ya katauniko mumamveka zilankhulo zimene agogo a kumeneko ankangozimva pa wailesi mobisa. Eni dziko nawo sanapinde manja. Pofika 2025 anyamata ankalowa usilikali kwa miyezi 8 kapena 11. Gulu la anthu odzipereka la Kaitseliit limatenga aphunzitsi, alimi ndi ogwira ntchito m'maofesi kukagona m'nkhalango Loweruka ndi Lamlungu, kuphunzira kuteteza kwawo. Kumene kunali kaunjika kuja lero kuli mizinga ya K9 ya ku South Korea ndi ya HIMARS ya ku America, ndipo pofika 2024 dzikoli linkaika ndalama zoposa 3 pa 100 iliyonse ya chuma chake ku chitetezo.

Koma mbali imene ine imandikhudza koposa si ya zitsulo. Ndi ya mabala awiri amene Estonia inavulala zaka ziwiri zotsatizana, ndi chimene inachita nawo.

Bala loyamba linadza mu Epulo 2007. Boma linasamutsa chipilala cha msilikali wa Soviet kuchoka pakati pa Tallinn kupita kumanda a asilikali. Kunabuka zipolowe, munthu mmodzi anafa, kenako pa 27 Epulo kunayamba nkhondo yachilendo, yopanda mfuti. Makompyuta miyandamiyanda a m'mayiko osiyanasiyana anatumidwa kuti azigogoda nthawi imodzi pa masamba a intaneti a mabanki, manyuzipepala, maunduna ndi nyumba ya malamulo, ngati chikhamu cha anthu chodzaza pakhomo la sitolo osagula kanthu, kuti wofuna kugula alephere kulowa. Izi zinatenga pafupifupi masabata atatu. Russia inakana kuti sinachite nawo. Kwa Estonia ululu unali waukulu, chifukwa kuyambira mu 1996 inali italowetsa makompyuta m'masukulu kudzera m'ndondomeko ya Tiigrihüpe, ndipo pofika 2005 anthu ankavota pa intaneti. Dziko lina likanabisa manyazi. Estonia inatenga bala lija n'kukalionetsa kwa anzake onse, kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zotsatira zake? Mu Meyi 2008 likulu la NATO la kafukufuku ndi maphunziro a chitetezo cha pa intaneti linakhazikitsidwa ku Tallinn komweko. Mu 2013 kunatuluka Tallinn Manual, buku limene akadaulo a malamulo padziko lonse amatsegula akafuna kudziwa mmene malamulo a nkhondo amagwirira ntchito pa intaneti. Chaka ndi chaka kuyambira 2010 akatswiri a m'mayiko ambirimbiri amayesana nzeru pa mpikisano wa Locked Shields, ena akuukira, ena akuteteza magetsi, madzi ndi mabanki a dziko longoyerekeza. Ndipo pokumbukira 1940, boma linakasunga makope a zolembedwa zake zofunika kwambiri pa makompyuta ku Luxembourg, kuti ngakhale mdani atalowa mu Tallinn, kaundula wa anthu, malo ndi malamulo asafe. Womenyedwa uja ndiye anasanduka mphunzitsi.

Bala lachiwiri linali la m'nyumba. Mu Seputembala 2008 kunamangidwa Herman Simm, yemwe kale anali mkulu wa apolisi, ndipo pambuyo pake anatsogolera nthambi yosunga zinsinsi mu unduna wa zachitetezo. Munthu amene anapatsidwa makiyi a nkhokwe ndi amene kwa zaka zoposa khumi ankapungula zinsinsi za Estonia ndi za NATO n'kumapereka kwa akazitape a Russia. Akuluakulu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo m'mayiko ambiri khoswe wotere amangomuchotsa mwakachetechete, nkhani n'kukwiriridwa. A Estonia anamupha khosweyo mkhate osasweka: anamutengera kukhoti, mu Febuluwale 2009 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 12 ndi theka, dzina lake lili m'manyuzipepala onse. Ndipo tsache silinaime. Mu 2012 nthambi ya chitetezo cha m'dziko, KAPO, inagwira wantchito wakewake, Aleksei Dressen. Mu 2013 inagwira Vladimir Veitman, nayenso wa m'nyumba momwemo. Mu 2018 kunagwidwa Deniss Metsavas, mkulu wa m'gulu lankhondo. Aliyense ankatchulidwa dzina, mlandu wake ndi zaka zake. Pa 5 Seputembala 2014, patangopita masiku awiri pulezidenti wa America wa nthawiyo, Barack Obama, atalankhula ku Tallinn, wapolisi wa KAPO, Eston Kohver, anagwidwa pamalire ndi akazitape a Russia n'kukagamulidwa zaka 15. Dziko lake silinamuiwale. Pa 26 Seputembala 2015 anawoloka mlatho wa pamtsinje wa Piusa kubwerera kwawo, Dressen akuwolokera mbali inayo.

Apa ndiye pali kale ndi lero weniweni. KGB inkabisa nsanjika yonse ya hotela. KAPO, kuyambira mu 1998, imasindikiza buku chaka chilichonse lofotokozera anthu zoopsa zimene ikuona, amene yawagwira ndi njira zimene adani amakopera anthu. Nthambi ya ukazitape wa kunja nayo, kuyambira mu 2016, imatulutsa lipoti lake poyera, m'chilankhulo cha kwawo ndi m'Chingerezi, laulere pa intaneti, ndipo atolankhani ndi akazembe a m'mayiko akutali amalidikira ngati mvula yoyamba. Ine ndimaona kuti imeneyi ndiyo nzeru yaikulu ya kadzikoka. Mwana wa sukulu, dalaivala wa basi kapena mayi wa pamsika akadziwa mmene kazitape amafikira munthu, amasanduka maso a dziko, pamene kale ankaopa mnansi wake. Pa msewu wa Pagari, m'nyumba imene inali likulu la KGB, mawindo a zipinda za pansi anatsekedwa ndi njerwa kuti odutsa asamve kulira kwa omangidwa. Lero zipinda zomwezo ana a sukulu amaloweramo ndi aphunzitsi awo, zitseko zili zotsegula.

M'nthawi ya nkhondo ya ku Ukraine m'pamene zipatso zinaonekera. Pamene ena ankatsutsabe zoti Russia ingaukire, Estonia inali itatumiza kale mizinga ya Javelin ku Kyiv, masiku ochepa lisanafike tsiku la 24 Febuluwale 2022. Kadziko kamene kankavutika kupeza mfuti mu 1993 kanakhala m'gulu la opereka mowolowa manja koposa, poyerekeza ndi kukula kwa chuma chake. Nduna yake yaikulu ya nthawi imeneyo, Kaja Kallas, amene mayi ake anatengedwa kupita ku Siberia ali khanda mu 1949, anasankhidwa kukhala mkulu woona za ubale wa European Union ndi mayiko akunja, ndipo anayamba ntchitoyo mu Disembala 2024. Finland inalowa mu NATO mu 2023, Sweden mu 2024, moti nyanja imene kale inali mpanda wotsekera a Estonia lero yazunguliridwa ndi abale. Pa 8 Febuluwale 2025 Estonia, Latvia ndi Lithuania zinadula nthambo zomaliza za magetsi zimene zinkazimangirira ku Russia, ndipo mawa lake zinalumikizidwa ku magetsi a Ulaya.

Chimphona chija sichinasamuke, ndipo sichinasiye kugwedeza mpanda. Pa Khrisimasi ya 2024 nthambo ya magetsi ya pansi pa nyanja yolumikiza Estonia ndi Finland inaduka, ndipo NATO inawonjezera sitima zolondera nyanja ya Baltic. Kenako m'mawa wa pa 19 Seputembala 2025, ndege zitatu za Russia za mtundu wa MiG-31 zinalowa m'thambo la Estonia cha kufupi ndi chilumba cha Vaindloo, n'kukhalamo mphindi 12. Mwezi wake womwe uja, Seputembala, patapita zaka 86 chiulukire ndege zija za mu 1939. Ulendo uno lamya inali ndi woiyankha. Ndege za Finland ndi Sweden zinadzuka, ndipo za F-35 za ku Italy zinanyamuka pa Ämari, pabwinja paja, kukaziperekeza zolowererazo mpaka zitatuluka. Patangopita masiku anayi, pa 23 Seputembala, nthumwi za mayiko onse 32 a NATO zinakhala pansi ku Brussels chifukwa Estonia yaitana.